Ntchentche ya Pakona pa Pepala

"Pulogalamu imeneyi ndinailemba ndekha," anatero a Tayi. "Masabata atatu. Ine ndi kompyuta, basi."

Ankauza alendo awiri, eni malo odulira magalasi, amene anabwera kudzaona ngati angayambe kugula ku kampaniyo. Alendowo anagwedeza mitu monga amachitira anthu amene apatsidwa tiyi waulere.

Kuseri kwa thabwa logawa chipinda, Pensulo anamva zonse. Anali atavala mahedifoni, koma khutu limodzi ankalisiya panja. Chaka chatha anali masabata anayi. Chaka chinacho inali miyezi iwiri. Anawerengetsa kuti pofika tsiku lopuma pantchito, a Tayi adzakhala atailemba pulogalamuyo pa nthawi ya nkhomaliro, dzanja lina litagwira supuni.

Anangowongola waya wa foni umene sunali wopiringizika.

A Tayi anali mkulu wa mainjiniya. Dzinalo analipeza chifukwa ankavala tayi ngakhale Loweruka, ngakhale tsiku limene ofesi yonse inkanyamula matebulo. Pensulo analipeza lake kalekale, akadali mtsikana woonda, akadali wobaya pensulo m'tsitsi. Kuondako kunatha, pensuloyo inasowa, dzina linatsala.

Pulogalamuyo inkachita chinthu chimodzi, koma inkachichita bwino. Wodula magalasi ankalemba miyeso ya mawindo amene akufuna, iyo n'kumujambulira mmene adulire galasi lalikulu kuti zotaya zichepe. Chithunzicho ankachisindikiza papepala n'kuchimata pa tebulo lodulira. Anailemba ndi Pensulo, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Inamutengera miyezi khumi ndi umodzi, pa desiki loyang'anizana ndi chitseko cha kuchimbudzi. Pakona ya m'munsi mwa pepala anaikapo dzina lake m'tizilembo ting'onoting'ono. Itatsala pang'ono kutuluka, bambo ake anadwala, ndipo iye anapita kukawadwazika miyezi iwiri mpaka anawaika m'manda. Pobwera anapeza pulogalamu ili kale kwa makasitomala, dzina palibe, pa desiki pake pali foni. A Tayi anamuuza kuti eni kampani safuna mayina pamapepala, komanso kuti mawu ake ndi okoma, n'kulakwa kuwawonongera pa kompyuta.

Foni inalira.

"Mayi, ntchentche ija ilipobe," anatero kasitomala.

Ntchentche ndi dzina limene odula magalasi anapatsa kadontho kakuda kamene kankatuluka pakona ya m'munsi mwa pepala lililonse. Sikankalakwitsa muyeso, sikankawononga galasi. Kankangokwiyitsa. Ena ankakakanda ndi chikhadabo, ena ankakaingitsa ndi dzanja. A Tayi anagamula kalekale kuti vuto ndi la mapulinta, ndipo yankho analilemba okha pa kapepala kamene kanamatidwa pa foni.

"Pukutani pulinta, bambo," anatero Pensulo.

"Ndagula yatsopano."

"Ipukuteni yatsopanoyo."

* * *

Kuseri kwa ofesi kunali masitepe achitsulo othawira moto. Moto unali usanabwerepo, choncho masitepewo ankagwira ntchito zina. Kumeneko ndi kumene Pensulo ankadyera nkhomaliro ndi Katsala.

Katsala anali mng'ono wawo wa a Tayi, bere limodzi, ngakhale powaona munthu akanapempha umboni. Anagwirapo pakampaniyo miyezi iwiri yokha kalekale atangomaliza sukulu, kenako anapita kwina. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo anamuitananso kuti adzasamutse pulogalamu yakaleyo, aiike m'chimango chatsopano, poti makompyuta a masiku ano anali atayamba kuilavula ngati mwana wokana mankhwala.

Dzina lake linachokera ku mawu oti "katsala kamodzi". Chilichonse chimene ankachita chinkaperewera ndi kamodzi. Mabatani a malaya ankayambira pa bowo lachiwiri. Anthu akakhala asanu ndi awiri, iye ankabweretsa makapu asanu ndi imodzi. Mphete ya kamwala kobiriwira imene anamupatsa Pensulo mwezi wathawo inakana kudutsa pa mfundo ya chala, ndiye Pensulo ankaivala pa kachala ka kumapeto, kudikira "sabata ya mawa" imene Katsala akaikulitse.

"Khodi yako, malamulo ouza kompyuta zochita aja, ili ngati kapitawo," anatero Katsala, akutsegula pepala la mabisiketi. Anagula atatu kuti adye awiriawiri. "Tenga burashi. Pita pakona. Yenda madontho makumi anayi. Jambula mzere. Sintha utoto. Bwerera. Mizere zikwi khumi ndi ziwiri ya kulamula kokhakokha. Ndipo chimene wajambula pambuyo chimaphimba cha poyamba, ndiye ukangosokoneza ndondomeko, windo limatuluka lopanda galasi."

"Ndi mmene tinkalembera. Chatsopanocho chimatani, chimapempha?"

"Sichipempha, sichilamula. Umangonena chimene chilipo. Pali galasi, lalikulu chonchi. Muli zidutswa zisanu, izi. Chimango chimajambula chokha. Muyeso ukasintha, chimajambulanso chokha. Iwe ntchito yako ndi kunena zoona, basi."

"Ndiye kubanja kwanu chikuvutani chimenecho."

Katsala anaseka, koma kusekako nakonso kunaperewera kamodzi.

"Ndikudziwa kuti unailemba ndiwe," anatero. "Kalembedwe kako kamaoneka. Achimwene sangalembe zimenezija ngakhale utawatsekera m'chipinda zaka zitatu."

"Umadziwa kuno kumasitepe. M'chipinda cha misonkhano umaiwala."

"Nthawi yake ikwana."

"Ndili ndi zaka makumi anayi, Katsala. Mawu amenewo ndawamvapo kwa madokotala, kwa woyang'anira nyumba imene ndimakhala, ndi kwa mwamuna wina amene pano ali ndi ana atatu ndi mkazi wina."

Katsala ananyema bisiketi wachitatu, namupatsa theka lalikulu. Pa zinthu zoterozo sankaperewera, ndipo n'chifukwa chake Pensulo anali akubwerabe kumasitepeko.

"Lamlungu amayi akufuna akuone."

"Akufuna, kapena wawakakamiza?"

"Anati ubwere."

"Mawu awo enieni."

Katsala anayang'ana nyenyeswa pa bondo. "Anati, 'Abwere tione.'"

* * *

Pabalaza pa amayi awo panali kabati yodzaza makapu osamweredwa, ndi zithunzi khumi ndi chimodzi za a Tayi atavala tayi. Cha Katsala chinali chimodzi, kuseri kwa wotchi.

Pensulo anapeza kuti woitanidwa sanali iye yekha. Pa mpando wabwino panali Gogoda, mkulu wa zamalonda ku ofesi kwawo, amene nsapato zake zinkalowa m'nyumba iye akadali pa geti. Gogoda anayendapo ndi Katsala chaka ndi theka, zinatha Katsala asanabwerere ku kampani. Zinatha kwa awiriwo. Kwa amayiwo zinali zisanathe.

"Ndiye ndinu amene," anatero amayi, akumuyeza Pensulo kuyambira kutsitsi mpaka ku nsapato, n'kubwereranso kuti atsimikize. "Ku ofesiko mumagwira chiyani kwenikweni?"

"Ndimayankha mafoni, amayi."

"Eee. Ndi ntchito ndithu. Pamafunika wina woti azinena kuti halo." Anatembenukira kwa Gogoda. "Mwana wanga, wonjezera shuga, usachite manyazi kwanu konkuno."

Gogoda anawonjezera shuga mosachita manyazi.

"Munabadwa chaka chanji?"

Pensulo ananena. Amayi anawerenga pa zala, mokweza.

"Ndiye wamng'onoyu akuyamba sukulu inu muli kalasi yachisanu. Mukanatha kumamuperekeza." Anamwa tiyi. "Kuno n'kubanja kwa mainjiniya, mayi. Wamkuluyu ndi amene anapanga makina onse amene mukudyerapo kumeneko. Masabata awiri."

"Atatu, amayi," anakonza modzichepetsa a Tayi, amene analinso pomwepo.

Pensulo anayang'ana Katsala. Mawu anali ochepa chabe amene ankafunika, oti mwana wa zaka zitatu akanawakwanitsa. Katsala anali akuwerenga masupuni pa thireyi.

"Nanga mpheteyo yakana?" anafunsa amayi.

"Yachepa pang'ono."

"Zinthu zimadziwa eni ake."

Gogoda anaweramira kutsogolo, naiyang'ana mpheteyo nthawi yaitali kuposa imene ulemu umalola. "Ndi yokongola," anatero. "Kamwala kobiriwira sikapezeka wamba. Ine ndi mtundu wanga umenewo kuyambira kale."

Ali pa siteji ya basi, Pensulo anafunsa Katsala: "Unali kuti?"

"Ndinali pomwepo."

"Malaya ako ndinawaona."

"Ukudziwa mmene amayi alili. Mtima wawo si wabwino."

"Ndaona."

"Ndikunena matenda."

"Ine ndikunena zonse ziwiri," anatero Pensulo, nakwera basi osacheuka. Anacheuka basi itakhota, pamene kucheukako kunalibenso phindu.

* * *

Lolemba Katsala sanabwere kumasitepe. Pensulo anamulembera uthenga.

"Wadwala?"

"Ayi. Ntchito. Latsala fayilo limodzi."

"Kwa iwe kamatsala kamodzi nthawi zonse."

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Yankho silinabwere.

Lachiwiri nsapato za Gogoda zinadutsa pa thabwa logawa chipinda, zinaima pa chitseko cha Katsala, zinalowa. Pensulo anauza makasitomala awiri kuti apukute mapulinta, ndi wachitatu yemwe, ngakhale iyeyo ankangofunsa nthawi yotsekera. Nsapatozo zinatuluka patapita mphindi makumi awiri.

"Khofi wa Gogoda akukoma?" analemba.

"Anangobwera kudzafunsa za Lachisanu."

Lachisanu ndi tsiku limene pulogalamu yosamutsidwayo inkayenera kuonetsedwa kwa eni kampani ndi makasitomala akuluakulu.

"Lachisanu limatenga mphindi makumi awiri kufunsa?"

Wawerenga. Chete.

Lachitatu anabwera, wopanda mabisiketi, atakumbatira laputopu ngati munthu wonyamula zotsatira za kuchipatala. Anakhala sitepe imodzi m'munsi mwa Pensulo.

"Ndaipeza ntchentche."

"Pukuta pulinta."

"Si pulinta."

Anatsegula laputopu. Chakumayambiriro kwa khodi kunali mzere umene Pensulo anauzindikira ngati mmene munthu amazindikirira chitseko cha kwawo: tenga utoto wakuda, pita pakona ya m'munsi, lemba dzina ili. Palibe anaufufuta. Unali pomwepo zaka zonsezi, ukugwira ntchito pa pepala lililonse. Kenako Katsala anatsika mizere zikwi zisanu ndi zinayi, mpaka m'fayilo limene palibe ankalitsegula. Mmenemo munali mzere wina: tenga utoto woyera, pita pakona yomweyo, jambula bokosi.

"Pulogalamu imalemba dzina lako, kenako imaliphimba," anatero Katsala. "Koma dzina lako lili ndi y. Bokosi silinafike pansi penipeni. Nsonga ya mchira wa y inatsala panja."

Pensulo anayamba kuseka. Anaseka mpaka mayi wokolopa anasuzumira pa windo la m'mwamba n'kubwezanso mutu.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Kanayi pa sabata, nthawi zina kasanu. Ndakhala ndikuuza anthu kuti apukute dzina langa. Mwaulemu. Ndi mawu okoma aja."

"M'chimango chatsopano sizingabisike chonchi. Ndiyenera kunena chimene chili pakona. Kaya pali dzina. Kaya palibe kanthu. Kaya pali dzina ndi bokosi pamwamba pake, koma pamenepo mizere iwiriyo igundizana, aliyense aziwerenga."

"Bokosilo anajambula ndani?"

"Kaundula wakale wosonyeza amene analemba mzere uliwonse anapita ndi kompyuta ija inapsa."

Zimene ananenazo zinali zoona. Silinali yankho, koma zinali zoona.

"Achimwene ako," anatero Pensulo.

Katsala anatseka laputopu.

"Tamvera. Lachisanu dzina langa lioneke. Pamaso pa eni kampani, pamaso pa makasitomala, pamaso pa achimwene akowo. Sindikupempha, sindikulamula. Ndikungonena chimene chilipo. Likapanda kuoneka, mphete yako uipeza pa foni, pafupi ndi kapepala kaja."

* * *

Mu ofesi ya a Tayi munali masatifiketi asanu ndi atatu a m'mafelemu, onse otsimikiza kuti mwini wake anapezekapo pa misonkhano.

"Fufuta mizere iwiri yonseyo," a Tayi anauza Katsala Lachinayi masana. "Dzina ndi bokosi lomwe. Makasitomala asangalala kuti ntchentche yafa. Ine ndinena kuti tinaisaka zaka zambiri, usana ndi usiku."

"Achimwene, dzinalo ndi lake."

"Wakana ndani? Ali nalo. Lili pa chiphaso chake."

"Pulogalamuyo analemba ndi iye."

"Kulemba, mphwanga, ngakhale kalaliki amalemba. Masomphenya anali anga." Anakonza tayi. "Mawa eni kampani akundipatsa chikho. Amayi ndawaitana, agula ndi diresi. Ukufuna mayi ako akomoke pamaso pa anthu chifukwa cha mchira wa y?"

"Ndikufuna kumukwatira."

"Mukwatire. Akakwatiwa dzina asintha, ndiye ukulimbanira chiyani?"

Katsala anaimirira. A Tayi anamusiya afike pa chitseko, monga ankachitira kuyambira ali ana.

"Mphwanga. Bokosi silidzijambula lokha. Ukamavundukula, uyambe waona chimene chili pansi pake. Si dzina lokha lili pamenepo."

Katsala anaima atagwira chogwirira cha chitseko. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anali atavumbwa kale mpaka m'masokosi.

* * *

Lachisanu m'chipinda cha misonkhano munkayenera kukhala mipando makumi atatu. Anaiyala ndi Katsala, choncho Pensulo anaima pa chitseko.

Kutsogolo kunakhala eni kampani, mayi wamfupi amene ankamvetsera zokamba ngati munthu wodikira basi. Pambali pawo panali amayi a anyamata awiriwo m'diresi latsopano, kenako Gogoda. Pa tebulo panali chikho chonyezimira, cholembedwa dzina la a Tayi.

A Tayi analankhula mphindi makumi anayi. Pulogalamu inali itatsika kufika pa masabata awiri ndi theka.

Kenako Katsala anayatsa makina oonetsera pakhoma. Galasi lalikulu linaoneka, ndi mizere ya kadulidwe. Anasintha muyeso wa windo limodzi, zidutswa zonse zinasuntha zokha n'kupeza malo atsopano. Anthu anaomba m'manja. Koma mkulu wina wodula magalasi, wa zala zodzaza zipsera, sanaombe. Anadzuka, nayenda mpaka pakhoma, naweramira pakona ya m'munsi. Anali ataimba foni za ntchentche kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankafuna kuona mtembo wake ndi maso.

"Aaa," anatero. "Yakula! Yamera zilembo."

Anawerenga dzinalo mokweza, pang'onopang'ono. Ogwira ntchito anayamba ayang'anizana, poti dzina lenilenilo ambiri ankangoliona pa ndandanda ya tchuthi. Kenako mitu yonse inatembenukira ku chitseko.

"Izi n'chiyani?" anafunsa eni kampani.

"Tinkathandizana, mayi," anatero a Tayi. "Iye ankalemba, ine ndinkaganiza. Ndipo munanena nokha kuti simufuna mayina pamapepala."

"Ine? Liti?"

A Tayi anafunafuna tsikulo kudenga.

"Analemba yekha," anatero Katsala. Mawu anatuluka onse, osatsala. "Mizere yonse zikwi khumi ndi ziwiri, kupatula umodzi. Uwu." Anaonetsa pakhoma mizere iwiri ija, wa dzina ndi wa bokosi, itagundizana, m'zilembo zazikulu ngati dzanja la munthu. Anafotokoza za utoto wakuda, za utoto woyera, ndi za mchira wa y.

Eni kampani anayang'ana a Tayi, anayang'ana chikho, anayang'ana Pensulo.

"Chikhochi chalembedwa kale dzina," anatero.

"Matanipo kabokosi koyera," anatero mkulu wa zipsera. Chipinda chinaphulika ndi kuseka. A Tayi okha ndi amene sanamve nthabwalayo, kapena anaimva kwambiri.

"Lolemba mulowe mu ofesi ya mkulu wa mainjiniya," eni kampani anauza Pensulo. "Masatifiketi achotsa okha. Yatsala pulogalamu ya pafoni, miyezi isanu ndi umodzi. Mugwira ndi mnyamatayu, akhala pansi panu."

Amayi aja, amene ankayenera kukomoka, sanakomoke. Anasiya kudzikupiza ndi pepala la ndondomeko, nawerenganso pa zala, ulendo uno mwakachetechete. "Mpongozi wanga," anaitana, "bwerani mukhale apa. Aimiriranji pa chitseko mkulu wa mainjiniya?"

Pensulo anabwera, koma anawadutsa. Anakaima pafupi ndi khoma. Kumasitepe kuja misozi ya kuseka inamulepheretsa kuwerenga manambala. Pano manambalawo anali aakulu, oti ngakhale wa kumbuyo awerenge.

"Zilembo zanga ndinazipatsa madontho khumi ndi awiri," anatero. "Bokosi ili ndi la madontho khumi ndi limodzi."

Palibe anamva kufunika kwake, kupatula munthu mmodzi.

"A Tayi, mungatiuze kuti mzere uwu ukunena chiyani?" anafunsa Pensulo.

A Tayi anauyang'ana ngati munthu wowerenga botolo la mankhwala ataiwala magalasi kunyumba.

"Musavutike. Inu mukanajambula bokosi, likanaphimba pepala lonse ndi tebulo lomwe." Anatembenukira kwa Katsala. "Miyezi iwiri ija munagwira kuno mutangomaliza sukulu, inali miyezi iti?"

Katsala anamva "munagwira". Chiyambire kumasitepe, Pensulo anali asanamutchulepo inu.

"Unali kuchipatala ndi bambo ako," anatero. "Achimwene anati ndifufute dzinalo. Nditafufuta, chithunzi chonse chinagwa. Mzere wa dzina lako ndi umenenso unkabweza burashi pamalo pake. Ndinaopa. Ndinaubwezera, n'kungophimba. Sindinkakudziwa."

"Munandidziwa liti?"

"Tsiku loyamba nditabwerera. Nditaona dzina lako pa ndandanda."

"Miyezi isanu ndi itatu."

"Fayilolo ndinalisiya komaliza. Ndinkati nthawi yake ikwana."

"Mabisiketi onse aja," anatero Pensulo, ngati akudzilankhula yekha. "Ine ndinkayesa ndi chikondi. Kodi kunali kupepesa?"

"Poyamba. Kenako ayi. Ndikulumbira, kenako ayi." Anatambasula dzanja, silinafike. "Ndabweza. Pamaso pa onse, monga unanenera."

"Mwabweza. Anthu awa ndi mboni, ngongole ya dzina yatha, sindidzakufunsaninso. Koma Lachitatu ndinakufunsani kuti anajambula ndani, inu munandiuza za kompyuta yopsa. Lero mwanena zoona zonse kupatula chimodzi. Katsala kamodzi, monga mwa masiku onse."

Anavula mphete pa kachala kaja. Sinavute kutuluka.

"Nanenso ndisakhale ndi cha mwini," anatero, naiika pa tebulo pambali pa chikho. "Sinandikwane."

"Mpongozi wanga, musafulumire," anatero amayi. "Ana amalakwa. Ndipo kusiyana zaka zinayi si kanthu masiku ano."

Tebulolo linali lopendekera pang'ono, poti analiika ndi Katsala ndipo mwendo umodzi unali wopanda kamphira. Mphete inagubuduka, inadutsa chikho, inalunjika m'mphepete. Dzanja la zikhadabo zofiira linaiwakha isanagwe.

"Isatayike," anatero Gogoda.

Anayang'ana kamwala kobiriwira kaja. Kenako, ngati munthu wongoisunga kaye poti alibe thumba, anailowetsa pa chala cha mphete. Inadutsa pa mfundo osaima, osafunsa njira, inakakhala pansi ngati yobwerera kwawo.

Pensulo anayang'ana chalacho, kenako anayang'ana Katsala. Katsala anayang'ana mipando, mwina kuti aiwerengenso.

Mkulu wa zipsera anali atadya za muyeso moyo wake wonse, ndipo chinthu chokwana bwino sankatha kuchidutsa osachiyamikira. Anaweramira pa dzanja la Gogoda, nayang'ana uku ndi uku.

"Koma apa," anatero, "sipanatsale kanthu."